Bwato Lomwe Lidakali Pamadzi

KALABU YA MABWATO A MATANGA YA MWERA
Zolembedwa za msonkhano wa Komiti Yaikulu

Tsiku: Loweruka, pa 13 Meyi 2023
Malo: Pakhonde la nyumba ya Wapampando, ku Area 3, Lilongwe
Nthawi yoyamba: 2:10 masana

Omwe analipo
Bambo Benedicto Kapinga, Wapampando
Bambo Clifton Nyirongo, Wachiwiri kwa Wapampando, amenenso amasunga malamulo a kalabu
Mayi Fiona Kanyenda, woona za alendo ndi zisangalalo
Mayi Lucy Mwalughali, Mlembi

Oitanidwa
Mayi Zelifa Kachepa, wophika kukhitchini ya kalabu
Che Bwanali, wosamalira mabwato kudamu

Wopepesa
Bambo Jordan Kumwenda, Msungichuma. Anaimba foni kuti ali pamzere wa mafuta ku City Centre kuyambira m'mawa, ndipo pampu akungoionera patali.

Wosabwera, osapepesanso
Mayi Chiso Mvula

1. KUTSEGULA MSONKHANO

Mayi Zelifa anatsegula ndi pemphero. Wapampando analandira onse, nati aka n'koyamba kuti komiti ikhale pansi maso ndi maso kuyambira pomwe kalabu idatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Kovidi. Anati misonkhano ya pafoni ija sakuiwerengera, chifukwa theka la nthawi linkathera pofunsana kuti "mukundimva?" Anapepesanso kuti tikukumanira kunyumba kwawo m'malo mwa kudamu. Njuchi zamanga m'denga la chipinda chathu cha misonkhano, ndipo Che Bwanali sanamvane nazo za tsiku losamuka.

Wapampando anawerenga mayina a mamembala omwe mliri udatilanda: Bambo Maynard Gondwe, Bambo Lemson Chikuse, Bambo Jobu Mtambo, ndi Bambo Orton Mwalughali, amene anali mwamuna wa Mlembi. Anapempha kuti tikhale chete mphindi imodzi. Wotchi ya Mlembi inaonetsa kuti tinakhala mphindi zinayi. Kamphepo ka Meyi kankagwetsera masamba patebulo, ndipo palibe amene anafuna kukhala woyamba kutsokomola.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA NDI LIPOTI LA MSUNGICHUMA

Zolembedwa zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. Bambo Nyirongo anati anaziwerenga kawiri osapezamo cholakwa, ndipo anaoneka okhumudwa pang'ono. Lipoti la Msungichuma linadumphidwa popeza mwini wake kunalibe. Palibe anadandaula.

3. MOMWE MALO A KALABU ALILI

Wapampando anati iwo ndi Mayi Kanyenda adapita kudamu Lachiwiri lapitali. Nyumba yaima bwino, kupatula njuchi zija. Udzu wafika m'chiuno kuchokera pageti mpaka pamalo oimika magalimoto. Anamzeze amanga zisa pamwamba pa chitseko cha khitchini, ndipo amalowa ndi kutuluka ngati eni ake. Madzi adzaza mpaka pa sitepe yachitatu ya doko. Mgolo wofiira, umene mabwato amakazungulira asanabwerere kumtunda, udakali pamalo pake pakati pa damu, ngakhale kufiira kwake kwasuluka ndipo akakowa ausandutsa mpando.

Wapampando anati atakhala pakhonde la kalabu anamva zingwe zikugunda milongoti ya mabwato monga zinkachitira Loweruka lililonse, ndipo kwa kanthawi anaona ngati anthu onse angolowa m'nyumba kukatenga zipewa, atulukanso posachedwa. Anati anamvanso fungo la masikono, chonsecho uvuni sunayatsidwe zaka zitatu. Bambo Nyirongo anafunsa ngati zimenezi ndi lipoti kapena maloto. Wapampando anati Mlembi asankhe yekha polemba. Mlembi wazilemba ngati lipoti.

Mayi Zelifa anapereka lipoti la makapu. Pothandiza mamembala atsopano omwe adzawerenge zolembedwazi, mwambo wathu uli motere. Membala aliyense ali ndi kapu yake yachitsulo, yolembedwa dzina, imene imakhala pamsomali wake pakhoma la khonde. Munthu akamapita pamadzi amachotsa kapuyo n'kuivundikira patebulo. Akabwerera, Mayi Zelifa amamuthirira tiyi, amamwa, n'kuipachikanso yekha. Choncho wophika amangoyang'ana kukhoma n'kudziwa amene adakali pamadzi, ndipo ketulo sichoka pamoto misomali yonse isanadzaze.

Mayi Zelifa anati misomali ilipo 41 ndipo makapu opachikidwa ndi 40. Kapu ya Bambo Mwalughali anaipeza patebulo, yovundikira, fumbi litaizungulira. Anati anapukuta tebulo lonse koma kapuyo sanaikhudze, chifukwa wopachika kapu ndi mwini wake. Wapampando anati nkhaniyi ibwera pa mfundo yachisanu.

Chigamulo: udzu utchetchedwe sabata ino. Anamzeze asiyidwe mpaka ana awo auluke.

4. KHITCHINI, ALENDO NDI UKWATI WA PA 24 JUNI

Mayi Kanyenda anati anthu a mumzinda atopa ndi kudzitsekera m'mipanda ya ku Area 10 ndi ku Area 43, ndipo akufunanso kukhala pamalo pomwe pali mphepo. Anayala ndondomeko yawo. Tiyi wa Loweruka abwerere, ndi masikono a Mayi Zelifa. Lamulungu lililonse masana pakhale nkhuku ya lokolo ndi nsomba yootcha, ngakhale kwa anthu omwe si mamembala. Maofesi awiri afunsa kale malo ochitira misonkhano yawo. Mayi Zelifa anati zonsezi n'zotheka, bola zonunkhiritsa azikagula okha ku Msika wa Lilongwe, chifukwa amene adatumidwa ulendo wathawu adabwera ndi zinthu zomwe ngakhale mbuzi ikadazikana. Komiti inavomera.

Mayi Kanyenda anatinso chachikulu ndi ukwati wa pa 24 Juni, wa alendo 180. Anati ukwati umenewu ukayenda bwino, mbiri ya kalabu ifika mumzinda monse osalengeza n'komwe pawailesi. Vuto ndi lakuti tenti yaikulu ingakwane malo amodzi okha, pansi pa mkuyu wa pafupi ndi madzi. Pamalopo pakhala bwato lotchedwa Lusubilo, la malemu Bambo Mwalughali, lomwe lili pamatayala kuyambira pomwe kalabu idatsekedwa.

Bambo Nyirongo anawerenga Lamulo 14: bwato lomwe lakhala kumtunda zaka ziwiri osalowa m'madzi limataya malo ake, ndipo eni ake alichotse. Anati eni mabwato ena onse akhala akuwanyowetsa apo ndi apo kuyambira kumapeto kwa 2021, aliyense payekha, ngakhale khitchini inali yotseka. Lusubilo yekha ndiye sanasunthe. Anati zikuwapweteka kunena, popeza iwo ndi malemu adafika m'tauni muno chaka chimodzi kuchokera kumpoto, nagwira ntchito m'khonde limodzi ku Kapito Hilu, koma lamulo silisankha.

Mayi Kanyenda anati ali ndi ganizo lomwe lingapulumutse bwatolo. Mlembi walemba mawu awo monga anatulukira: "Anti Lucy, musandimve molakwa, pulizi. Sindikuti tilitaye ayi. Tilipake penti yoyera, tiike thabwa pamwamba, likhale tebulo la keke. Maluwa uku ndi uku. Mafoto ake, Anti, mzinda wonse udzafuna kubuka. Ndiye kuti Ankolo adzakhala nafe pa ukwati uliwonse."

Mlembi anayankha kuti bwato si tebulo. Wapampando anapempha kuti yankholi lilembedwe mofewa. Mlembi wayesa kangapo, ndipo likutulukabe chomwecho.

Wapampando anati chigamulo chiyembekeze mpaka mfundo yachisanu ithe.

5. TSIKU LOTSEGULIRA MADZI NDI BUKU LA NTHAWI

Komiti inagwirizana kuti chaka chatsopano cha kalabu chitsegulidwe Loweruka pa 3 Juni, mwera ukamayamba. Bambo Nyirongo anakumbutsa za Lamulo 6. Bwato lililonse likamanyamuka, Mlembi amalemba nthawi m'Buku la Nthawi, ndipo likabwerera amaliza belu kamodzi n'kulembanso nthawi. Buku la chaka chatsopano silitsegulidwa, mbendera siikwezedwa, ndipo kalabu siilandira alendo, mpaka buku lakale litatsekedwa, mabwato onse atalembedwa kuti abwerera. Anafunsa kuti buku la 2020 lili kuti, popeza palibe walionanso.

Mlembi analitulutsa m'chikwama. Lakhala kunyumba kwake ku Area 47 zaka zitatu, m'kabati ya nsalu za pabedi. Bambo Nyirongo anavala magalasi, natsegula tsamba lomaliza, la Loweruka pa 21 Malichi 2020. Anawerenga mabwato khumi ndi limodzi, lililonse ndi nthawi zake ziwiri. Atafika pa mzere wa khumi ndi chiwiri anaima. Unali wa Lusubilo. Kunyamuka, 1:35 masana. Pa malo a kubwerera panalibe kanthu.

Mlembi anapempha kulankhula ngati membala, ndipo anaika cholembera pansi. Zotsatirazi wazilemba pambuyo pake, monga akuzikumbukira.

"A Wapampando, cholakwacho n'changa. Tsiku lija mphepo idatha cha m'ma 3 koloko. Ena onse adatenga nkhafi n'kupalasa kubwera kumtunda. A Orton mukuwadziwa. Ankati munthu wa ku Karonga sangagwire nkhafi pa damu la madzi akumwa, anthu akwawo atamva angamuseke. Adatsala okha kuseri kwa mgolo, thanga lili lende, akudikira mphepo. Inu mudatiitanira mkati kuti mutiuze zoti tikutseka. Ine ndidasiya cholembera pakati pa buku, ndimati ndibwera pompano. Potuluka ndidawapeza ali kale pagalimoto, akumanga zingwe za nsapato. Belu sindidalize. Ndidangotola buku n'kukwera. Panjira tidagula chimanga chootcha, tidakangana za wailesi, basi. Linali tsiku ngati masiku onse.

"Mu Januwale 2021 adadwala masiku asanu okha. Ine ndinali wodzitsekera kuchipinda, nanenso ndikutsokomola. Adawaika tsiku lomwelo, konkuno m'tauni, ndi anthu ovala zoyera mpaka kumaso. Kwawo ku Karonga sadapite. Ine ndidaonera pafoni, chithunzi chikudukaduka. Nkhope sindidaione, dothi sindidaponye. Patatha mwezi ndidatenga bukuli kuti ndilitseke, ndiye ndidapeza mzere umenewu. Ndidakhala pansi, pa simenti penipeni. Ndinene zoona pamaso panu, ndidasangalala. Mapepala onse a m'nyumba mwanga akuti munthuyu adamwalira. Ili lokha likuti ali pamadzi, akudikira mphepo.

"Nthawi zina ndikakhala m'minibasi pamlatho wa ku Old Town, magalimoto atathinana, ndimaona thanga lija likudutsa pang'onopang'ono pakati pa maminibasi, kulowera kumsika. Ogulitsa nthochi saliona. Ine ndimaliona, ndipo mtima umakhala pansi. Ndikudziwa kuti si zoona. Sindinapenge. Koma ndikalemba nthawi pamzerepo, ndiye kuti ndawatulutsa m'madzi ndi dzanja langa, ndipo kumene ndikuwapititsa ndi kumanda komwe sindidafikeko tsiku lake."

Mayi Zelifa anati nawonso ali ndi mlandu. Tsiku limenelo adauzidwa kuti atseke khitchini msanga, ndipo adachotsa ketulo pamoto msomali umodzi uli wopanda kapu. Anati m'zaka 22 zomwe agwira ntchito pakalabu sadachitepo zotero, ndipo bambo aja adapita kwawo osamwa tiyi. Mawu awo anali akuti: "Mpaka lero ndikaika madzi pamoto kunyumba kwanga ku Chinsapo, ndimathira ochulukirapo. Ana amandifunsa kuti enawo ndi a ndani."

Mayi Kanyenda anapukuta m'maso, kenaka anati pali njira yapafupi. Mlembi angolemba 5 koloko, popeza aliyense akudziwa kuti Ankolo adabwerera, ndipo palibe adzafufuze. Mlembi anayankha kuti m'zaka 19 sadalembepo nthawi yomwe sadaione pawotchi, ndipo sayambira pa mwamuna wake. Wapampando anadzipereka kulemba iwo, kuti dzanja lisakhale la Mlembi. Bambo Nyirongo anakana, nati nawonso Wapampando sadaone wotchi, anali mkati akulankhula, ndipo monga mwa chizolowezi chawo adalankhula nthawi yaitali.

Apa Bambo Nyirongo anatsegula tsamba lina la malamulo, naliyang'ana, navula magalasi. Anati Lamulo 3 likuti pakakhala kusamvana, zomwe zili m'Buku la Nthawi ndizo zoona za kalabu. Choncho, malinga ndi buku, Lusubilo sanakhale kumtunda zaka ziwiri. Ali pamadzi. Lamulo 14 silingamukhudze, ndipo iwo akubweza zomwe ananena pa mfundo yachinayi. Koma mwa lamulo lomwelo, bwato limodzi likadali pamadzi, ndiye kuti pa 3 Juni mbendera siikwera, tiyi wa Loweruka kulibe, ndipo ukwati wa pa 24 Juni ukafune malo ena. Anati akhala akusunga malamulo amenewa zaka zambiri, koma sanaonepo akumangana okha chonchi.

Mayi Kanyenda anati makadi a ukwati adasindikizidwa kale, ndipo mayi wa mkwatibwi amawaimbira foni katatu patsiku. Mayi Zelifa anati iwo zaka zitatu akhala akukazinga mandasi pamsewu, ndipo mawondo atopa. Palibe amene anayang'ana Mlembi. Mlembi anaona kuti onse akuyesetsa kusamuyang'ana, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa akanamuyang'ana.

Nthawi ya 3:30 kunamveka kuitana kwa mapemphero kuchokera kumzikiti wa ku Old Town. Che Bwanali anapempha kuti akapemphere kuseri kwa nyumba, ndipo Wapampando anaimitsa msonkhano kwa mphindi khumi ndi zisanu. Tinamwa tiyi. Utsi wa masamba omwe ankawotchedwa kunyumba yoyandikana unkadutsa pakapinga pang'onopang'ono, dzuwa likuuwalitsa. Mayi Kanyenda anasuntha mpando wawo, nakhala pafupi ndi Mlembi, namugwira dzanja. Izi sizinali pa ndondomeko ya msonkhano.

6. KUPITIRIZA MFUNDO YACHISANU

Msonkhano unayambiranso 3:45. Che Bwanali, amene anali asanalankhulepo, anapempha mwayi. Anati iwo za malamulo sadziwa, amadziwa matabwa ndi zingwe. Mawu awo anali akuti: "Abwana, bwato lili pamadzi silibwera ndi cholembera. Limabwera ndi mphepo. Mulilowetse m'madzi m'mawa wa tsikulo, osalemba kanthu, pajatu buku likuti lili komweko. Likazungulire mgolo, libwere padoko, belu lilire, munthu aone wotchi. Nthawi imeneyo ikhala yoona. Palibe wanama."

Wapampando anafunsa ngati bwato lokhala pamatayala zaka zitatu silingamire. Che Bwanali anaoneka ngati anyozedwa ndi funsolo. Anati mwezi uliwonse akhala akupaka mafuta kunsi kwake, kuthira phulusa mozungulira matayala kuti chiswe chisakwere, ndi kuyanika thanga padzuwa. Anati palibe adawatuma. Bambo aja ponyamuka tsiku lomaliza adati, "Che Bwanali, mundisungire, tionana mliriwu ukatha," ndipo palibe adabwera kudzawauza kuti asiye kusunga.

Bambo Nyirongo anati ganizoli likugwirizana ndi malamulo onse atatu, ndipo anachita manyazi kuti sanaliganize iwo. Koma anakumbutsa za Lamulo 9: pa chiwongolero pamakhala mwini bwato kapena munthu wa m'nyumba mwake. Wapampando anafunsa za Tuntufye, mwana wa malemu. Mlembi anati ali ku Joni, ndipo tchuthi chake ndi cha mu Disembala. Wapampando anafunsa ngati pali wina. Mlembi anati palibe.

Palembedwe pano, popeza onse akudziwa kale, kuti Mlembi sadapondepo m'bwato chibadwire. Kwawo ndi ku Mitundu, kumene madzi aakulu ndi a padambo, ofika m'mawondo. Adalowa m'kalabu chifukwa cha mwamuna wake, ndipo adasankha buku ndi belu chifukwa zimakhala pakhonde. Chaka chilichonse pa tsiku lotsegulira madzi, malemu ankaima padoko n'kutambasula dzanja, akuti, "Lucy, lero lokha." Chaka chilichonse Mlembi ankayankha kuti chaka cha mawa. Adayankha chomwecho maulendo 19, ndipo malemu sadakwiyepo.

Mayi Kanyenda anati palibe akukakamiza Anti, ndipo ngati n'kofunika iwo akagwada kwa mayi wa mkwatibwi. Bambo Nyirongo anati mwina malamulo angasinthidwe pa msonkhano waukulu wa mu Okutobala. Wapampando anati kalabu idikira.

Mlembi anati kalabu yadikira mokwanira, ndipo Mayi Zelifa sangakazinge mandasi mpaka Okutobala chifukwa cha mzere umodzi. Anafunsa Che Bwanali ngati chiwongolero n'cholemera. Che Bwanali anati n'chopepuka kuposa mthiko, chovuta chake n'chakuti ukafuna kupita kumanja umakankhira kumanzere, ndipo iwo adzakhala momwemo atagwira chingwe cha thanga. Mlembi anafunsa kuya kwa madzi pamgolo. Che Bwanali anati funso limenelo Amayi asafunse. Mlembi anati apita. Ananena motsitsa mawu, ndipo Wapampando anapempha kuti abwereze kuti alowe bwino m'zolembedwa. Mlembi anabwereza.

Bambo Nyirongo anafunsa kuti Mlembi akakhala pamadzi, adzalize belu ndi kulemba nthawi ndani. Mayi Zelifa anakweza dzanja. Anati sukulu adalekezera Sitandade 5, koma wotchi amaidziwa, chifukwa m'zaka 22 sadapserezepo sikono. Anati komanso ndi iwo adachotsa ketulo, choncho n'koyenera kuti akhale iwo odikira.

Zigamulo, zovomerezedwa ndi onse anayi:

(a) Pa 3 Juni m'mawa, mbendera isanakwere, Lusubilo alowe m'madzi. Pa chiwongolero, Mayi Mwalughali. Pa chingwe, Che Bwanali.
(b) Buku ndi belu zikhale m'manja mwa Mayi Zelifa mpaka bwatolo litabwerera.
(c) Likabwerera, liimikidwe padoko ngati mabwato ena, ndipo malo a pansi pa mkuyu apatsidwe kwa a ukwati.
(d) Mayi Kanyenda abweza ganizo la tebulo la keke, ndipo apempha kuti lisadzatchulidwenso.

Bambo Nyirongo anawonjezera kuti kuyambira tsiku lobwereralo, Lamulo 14 liyamba kuwerenga zaka zake ziwiri, choncho Mlembi asaganize kuti ulendo ndi umodzi wokha. Mlembi anati wamva, ndipo akuwathokoza chifukwa cha chifundo chawo chodziwika.

7. ZINA NDI ZINA

Wapampando anafunsa za makapu a malemu ena atatu, omwe ali pamisomali yawo. Komiti inagwirizana kuti akhale pomwepo. Mayi Zelifa anati amawatsuka limodzi ndi ena onse, ndipo sawavutitsa.

Mayi Kanyenda anadzipereka kubweretsa jekete yoyandamitsa ya saizi ya Mlembi. Mlembi anapempha ziwiri. Che Bwanali anati imodzi imakwana. Mlembi anati sanafunse Che Bwanali.

Bambo Kumwenda anaimbanso foni kuti mafuta athera pa galimoto ya patsogolo pawo.

8. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Komiti idzakumananso Loweruka pa 10 Juni 2023, 2 koloko masana, kudamu, njuchi zikalola. Bambo Nyirongo anatseka ndi pemphero lalifupi, ndipo pakati pake anasintha n'kuyamba kupemphera m'Chitumbuka. Msonkhano unatha 4:52 madzulo. Mlembi anayang'ana wotchi kawiri.

ZOWONJEZERA, ZOMWE WAPAMPANDO WALOLA KUTI ZILOWE ASANASAINE

Loweruka pa 3 Juni kunacha ndi nkhungu pamadzi. Mamembala 26 anafika, ena omwe sitinawaone zaka zitatu, ndipo anaima pakhonde atavala majuzi. Mayi Zelifa anaika ketulo pamoto. Amuna asanu ndi mmodzi ananyamula Lusubilo kumuchotsa pamatayala. Pansi pake panali udzu woyera, wosaonapo dzuwa.

Mlembi analowa m'bwato chokwawa, atavala majekete awiri. Sakukumbukira bwino za kunyamuka, chifukwa anali atatsinzina. Atatsegula maso, doko linali kumbuyo, ndipo kunalibe phokoso lililonse kupatula madzi akunong'ona kunsi kwa matabwa. Sankadziwa kuti pamadzi pamakhala chete chotero. Zaka 19 ankaganiza kuti mwamuna wake amapita kukalimbana ndi mphepo, osadziwa kuti amapita kukapuma. Pa chogwirira cha chiwongolero pali pamene padasalala ndi dzanja la malemu, ndipo dzanja la Mlembi linakwana pomwepo, ngakhale linatsalira pang'ono.

Kuseri kwa mgolo mphepo inatha. Thanga linangoti lende. Akakowa anatiyang'ana osauluka. Nkhungu inatseka kumtunda, ndipo khonde silinkaonekanso. Che Bwanali anatulutsa nkhafi, nafunsa ngati apalase. Mlembi anati ayi, bwato ili silipalasidwa. Tinadikira. Mlembi analira kumeneko, mokweza, monga akadalirira tsiku lija akadaloledwa, ndipo anatchula dzina la mwamuna wake mmene ankalitchulira kunyumba. Che Bwanali anayang'ana kumbali, akukonza chingwe chomwe chinalibe vuto. Sitikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji, chifukwa wotchi inali kumtunda. Kenaka pamwamba pa madzi panachita timakwinya kuchokera kummwera, thanga linadzaza, ndipo bwato linayamba kuyenda lokha.

Belu linalira kamodzi. Mu Buku la Nthawi la 2020, pa mzere wa khumi ndi chiwiri, pali tsopano manambala akuluakulu, opendekeka, a dzanja la Mayi Zelifa: 10:47 m'mawa, 3 Juni 2023. Bambo Nyirongo anawerengera kuti ulendowu watenga zaka zitatu, miyezi iwiri ndi masiku khumi ndi atatu, ndipo anati malemu ankakonda kubwerera pomalizira, koma ulendo uno anyanya. Onse anaseka, ndipo a Nyirongo anapita kuseri kwa khitchini kukapukuta magalasi kwa nthawi yaitali. Buku linatsekedwa. Mbendera inakwera 11:05.

Mayi Zelifa anavundukula kapu ija, naitsuka, nathiramo tiyi wa masupuni atatu a shuga monga mwini wake ankakondera. Mlembi samwa shuga, koma anamwa yense. Anali wotentha. Kenaka anapachika kapuyo pamsomali wake, ndipo Mayi Zelifa anawerenga khoma lonse ndi chala mpaka 41, nachotsa ketulo pamoto.

Zavomerezedwa ndi kusainidwa lero, pa 10 Juni 2023.

B. Kapinga
Wapampando

L. Mwalughali
Mlembi